Ulemu kwa a Thukuta

Tiyeni tiwombe m'manja, a Thukuta akudutsa. Inde, omwe aja timawatsekera mphuno mu minibasi ya ku Luchenza. Tawanyoza mokwanira akuluakuluwa.

Mu 2001 Birgit Schittek ndi anzake a pa yunivesite ya Tübingen ku Germany anapeza kuti m'thukuta la munthu muli kapuloteni kakang'ono kotchedwa dermcidin. Kameneka kamaboola mabakiteriya mpaka kuwapha, ngakhale Staphylococcus aureus, uja amatipatsa zithupsa. Tinthu ta mtundu umenewu, ma peptide opha tizilombo, akatswiri akutifufuza tsopano kuti aone ngati tingachedwetse makwinya obwera ndi dzuwa. Ku Seoul ndi ku Paris, kabotolo kakangolembedwa kuti peptide mtengo umakwera pomwepo.

Koma mayi wothyola tiyi ku Thyolo ali ndi fakitale yakeyake. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, tiyi akamaphuka ndi mvula, amalawirira kumunda dengu lili kumsana, zala zikudumpha pa masamba awiri ndi kansonga. Dzuwa lisanafike n'komwe paliwombo, a Thukuta amakhala atatsegula kale mipopi: pamphumi, m'khosi, m'khwapa, kutsetsereka ndi msana wonse. Mankhwala aulere! Safuna ndalama zakunja, sachedwa pa chipata cha Mwanza, satha m'sitolo. Chikhazikitsireni Maclean Kay esiteti ya Satemwa mu 1923, palibe kapitawo amene anawalembapo kujomba. Ndani wina angadzitame chotero?

Kachilema ali nako, ndani alibe. Cheza cha dzuwa cha UV sachiletsa. Chimadutsa iwo akuyang'ana, n'kukadula collagen, ulusi uja umakunga khungu, ndiye kumbuyo kwa khosi ndi pamwamba pa manja pamayamba kukalamba mwiniwake akadali ndi mwana woyamwa. Khungu lakuda limadziteteza ndithu, koma osati kotheratu. Komanso ndi ansanje a Thukutawa, ngati mkazi wamkulu pamitala: wina akadzimana n'kugula mafuta oteteza ku dzuwa, iwo amawatsuka n'kuwatsanulira m'maso. Chipewa cha mlaza chokha ndicho amachilekerera.

Chondiwawa ine ndi pa sikelo. Kalaliki amayeza masamba okha, malaya olemera ndi dermcidin osawayang'ana n'komwe. Ndikupempha akuluakulu a msika wa tiyi ku Limbe kuti atsegule gawo latsopano, a Thukuta azigulitsidwa pa lita, ndalama zake zikhale madola.