Sopo wa ku Joni sachita thovu pachabe

Munthu wa ku Malindi kapena ku Makanjira amakula osagulapo chotsukira poto. Mchenga uli pagombe, phulusa lili pamafuwa, madzi ndi nyanja yonseyo. Ndiye munthu ameneyu awoloke pa Zobue, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge, atsike basi pa Park Station ku Johannesburg, akalowe mu Shoprite n'kupeza kuti chimbudzi chili ndi botolo lake, mbale lake, mawindo lake, pansi lake, ndipo onsewo ndi ogula. Mutu wa mnyamata wa kwathu suwerenga randi ngati randi. Umaisandutsa makwacha, makwachawo n'kuwasandutsa malata. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masamuwa anafika povuta: ukagwira botolo la Handy Andy umamva khonde la nyumba yako ku Namwera likudontha.

*

M'chipinda china ku Mayfair mumagona anyamata a dera limodzi, ndipo mkulu wawo ndi Che Uje, telala. Sopo wawo ndi mugugu wa Sunlight wobiriwira uja: kusamba womwewo, kuchapa womwewo, mbale womwewo. Che Uje amaudula ndi ulusi wa makina, ati mpeni umadyako. Titsalira amatiika m'kathumba ka anyezi, chinkhupule chatheka.

Kunabwera mphwawo wochokera ku Katuli. M'mawa analowa kubafa n'kudzipaka thovu mpaka m'makutu, kwinaku akuimba. Che Uje anagogoda.

“Ndani akusamba ngati ali ndi mapepala?”

“Ndine, ambwiye.”

“Mwanawe, kuno sitisamba ndi sopo. Timangolionetsa thupi kuti sopo alipo.”

*

M'nyumba yomweyo muli botolo la sopo wamadzi wotsukira mbale limene linagulidwa pa Idi. Aliyense akathirako amabwezera madzi mobisa kuti anzake asamunene. Idi ina inakwana botolo lili lodzaza. Mayi woyandikana nawo anabwereka, ndipo pobweza anati: “Zikomo, koma madzi ndili nawo kwanga.”

*

Iyi ndiye imandipha. Mlongo wathu wina wa ku Mpondasi anapeza ntchito ya m'nyumba ku Umhlanga, kumpoto kwa Durban. Tsiku loyamba, madamu atapita kuntchito, anatsegula kabati n'kupeza mapoto onse ali bii mkati. Anagwira pakamwa. Anthu a galimoto ziwiri, dziwe losambira kuseri kwa nyumba, koma mapoto akuda chonchi! Kwathu mkazi wa mapoto otere amamuimba nyimbo pamtondo.

Mankhwala a madamu sanafune kuwawononga, poti anali ataona mtengo wake pabotolo. Kunyumba yoyandikana kunali amisiri omanga, ndipo panja panali mulu wa mchenga. Anakapemphako wodzaza chitini. Anakwecha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, thukuta kamukamu, mpaka mapoto onse anawala mbee. Anawandandalika patebulo kuti madamu akalowa ayambe kuona amenewo.

Madamu analowa, anaona, anakhala pansi. Mlongo wathu anaganiza kuti ndi chimwemwe.

“Musadandaule madamu, sopo wanu sindinakhudze. Mwaye unakakamira zedi, koma ndathana nawo.”

Chakudacho sichinali mwaye. Ndi Teflon, chimene amachimata dala kufakitale kuti dzira lisamakakamire, ndipo ndicho chimakweza mtengo wa potoyo. Ine m'nkhaniyi ndili mbali ya mlongo wathu. Poto amene amaopa mchenga ndi poto wanji? Ntchito sinathe, koma chitini chija anauzidwa kuti akabweze kwa eni ake.

*

Wina anaganiza zochulukitsa mphamvu: theka la Jik, theka la mankhwala otsukira m'chimbudzi, m'ndowa imodzi. Posakhalitsa nyumba yonse inali panja, kutsokomola, misozi chuchuchu. Awiri analumpha mpanda poganiza kuti apolisi aponya utsi wokhetsa misozi pofuna anthu opanda mapepala, ndipo anabwerako mawa lake.

Apa ndisaseke kwambiri. Jik akakumana ndi asidi wa mankhwala a m'chimbudzi kapena viniga amatulutsa mpweya wa klorini, umene umawotcha mapapo. Akakumana ndi amoniya nayenso amatulutsa mpweya woipa. Jik bwenzi lake ndi madzi basi, ndipo pamenepo anyamata a ku Mayfair aja sanalakwe.

*

Mu 2018 mzinda wa Cape Town unatsala pang'ono kuuma, ndipo kuyambira pa 1 Febuluwale munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Mlamu wathu wa ku Chembe, amene anasiya Cape Maclear kutsatira Cape inayo, ankasamba ataima m'beseni. Madzi omwewo achapire malaya, akolopere, otsala akathire kuchimbudzi. Sopo wa m'mawa ankagwira ntchito mpaka madzulo. Tsiku lina anaimba foni ya kanema kumudzi, ndipo mkazi wake anayankha ali kunyanja, ana akudumphira m'madzi kumbuyo kwake. Mlamu anayang'ana kwa nthawi.

“Amayi a ana, mukatha kusamba mulowenso kachiwiri. Kachiwiriko ndi kwanga.”

*

Anzathu a ku Joni ali ndi chipereganyu chawo chotchedwa stokvel: amasonkha chaka chonse, pofika Disembala n'kukapikula katundu ku Makro. Che Uje analowamo, ndipo gawo lawo linali chindowa cha safu. Munthu wodula sopo ndi ulusi uja sanatapeko ngakhale supuni imodzi. Anachipereka kwa transipota, pamodzi ndi njinga ndi matiresi, chipite kumudzi.

Bambo awo, amene anagwira mgodi nthawi ya Theba isanatsekedwe mu 1988, anachiyang'ana n'kupukusa mutu. “Ife tinkabwera ndi wailesi, bulangeti ndi jekete. Ana a lero akutumiza thovu.”

Chindowacho chinaikidwa pabalaza, pambali pa TV, dzina lake litayang'ana kukhomo kuti olowa aziwerenga. Che Uje atabwera kutchuthi anachipeza pomwepo, cholemera bwino, ndipo mtima unakhala pansi kuti mayi wa kunyumba ndi wosamala ngati iwo. Anatsegula. Munali usipa wouma.

“Safu uja ali kuti?”

“Ndinamanga m'timapepala n'kugulitsa pamsika wa Namwera. Zitseko mwalowerazi mumayesa zagwa kumwamba?”

“Nanga mumachapira chiyani?”

“Mugugu. Ndimadula ndi ulusi, monga munandiphunzitsira pafoni.”