Gulani waranti, galimoto muyiike pamiyala

Mlimi wa ku Bembeke akapeza bwino pa mbatatesi n'kuganiza zogula Sienta kapena Probox ya kaunjika, wogulitsa angamuuze kuti awonjezere ndalama pang'ono atenge waranti yaitali, chikalata cholonjeza kuti galimoto ikawonongeka pakadali nthawi ya pangano, adzamukonzera ulere. Malangizo athu ndi akuti gulani ndithu, ndipo musankhe yodulayo. Galimotoyi yaona kale zokhoma. Mwini wake ku Japan mwina anaigulitsa pothawa ndalama zoyezetsa galimoto zaka ziwiri zilizonse, kenaka inakwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, inadutsa pa Songwe, a MRA n'kutengapo msonkho wawo. Kungakhale kuipa mtima kuti ifike kumapiri kuno yopanda pepala loipepesa.

Mukagula, ntchito yanu yaikulu ndi kuteteza warantiyo kuti galimoto isaiononge. Zikalata zotere kawirikawiri sizilipira zinthu zotha ndi kuyenda, monga matayala, mabuleki, klatchi, mashoko ndi mabushi. Izitu ndi zomwe misewu yadothi yochoka pa M1 kulowa m'midzi imadya nthawi yamvula, choncho msewu upeweni. Zambiri zimakananso galimoto yochita matola kapena yosenza mopitirira muyeso. Sienta ya mipando 7 isayerekeze kunyamula anthu 12. Matumba a mbatatesi ndi kabichi abwerere pangolo, apongozi akwere kabaza, adzamvetsa mukawaonetsa chikalata. Sevisi nayo imafunika ku garaja yomwe wogulitsa wavomereza, ndipo ngati ili ku Lilongwe, makilomita oposa 80 kuchokera kuno, pitani komweko mukasinthe oyilo. Makaniko wa pansi pa mtengo pa Dedza, amene amamva vuto la injini galimoto isanaime, asakhudze ngakhale nati imodzi, pangano lingathere pompo. Njira yosakayikitsa ndi kuikhazika pamiyala kuseri kwa nyumba n'kuifunda tenti, poti chisanu cha Juni kuno sichiseka ndi munthu. Galimoto yosayenda sinaphwanyepo pangano.

Ena anena kuti injini kapena giyabokosi ikafa ndalama zake n'zogwetsa munthu, ndipo apa waranti yachilungamo imathandizadi. Sitikutsutsa. Kungoti zikalata zambiri zimaika malire a ndalama zomwe angalipire, ndipo malirewo amakhala pomwepo pamene kwacha ikutsetsereka. Mu Novembala 2023 idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, zipangizo zochokera kunja n'kukwera mtengo. Musadandaule, theka la giyabokosi ndi chiyambi chabwino. Akakukanizani zonse, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limamva madandaulo a ogula, ndipo kumeneko mudzapeza mpata wowerenga koyamba zomwe munasainira.

Oopsa kwambiri ndi aja okuuzani kuti mutenge makaniko wanu aiyeze galimoto musanalipire, kuti mufunse zomwe waranti siilipira musanafunse zomwe imalipira, ndiponso kuti ndalama ya warantiyo mungaisunge pambali ikhale yokonzetsera. Musawamvere. Anthu amenewa ali ndi maganizo achikale oti galimoto amagulira kuyendera, ndipo mukawatsatira mudzapezeka muli pamsika m'mamawa, mbatatesi mutagulitsa, opanda chikalata chilichonse choonetsa alendo.