Aulesife tibweretsereni laibulale pafupi

Pali mlandu umene Amalawi tinauvomera kalekale tisanaitanidwe n'kubwalo komwe, wakuti sitikonda kuwerenga. Aphunzitsi amatinena, olemba mabuku amatinena, ndipo wamkulu aliyense akapatsidwa mpata wolankhula pamwambo wa zamaphunziro amabwereza mawu omwewo, ife n'kumawomba m'manja poganiza kuti akunena anzathu a mpando wakutsogolo. Ine ndine mmodzi wa oimbidwa mlanduwu, munthu amene buku likangopitirira masamba 20 zikope zimayamba kulemera, komabe ndikufuna kuchita apilo. Zaulesizo sindikukana, ndi zathu ndithu. Chimene ndikukana ndi choti sitiwerenga. Ife a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona mu Lilongwe muno timawerenga chilichonse chimene chatipeza pamene takhala, kungoti kunyamuka kukachisaka ndiye sititha. Ndiye amene akufunitsitsa kuti tiziwerenga aleke kutilalikira, angotisendezera mabukuwo pafupi.

Umboni wake uli pachiwaya. Taonani bambo amene wagula tchipisi chokulungidwa m'chidutswa cha nyuzipepala. Akamaliza kudya sataya pepalalo msanga. Amaliwongola pabondo, n'kuyamba kuwerenga nkhani ya chaka chatha yokhudza msonkhano wa alimi a fodya, mafuta atalowerera mpaka zilembo zakuseri zikuonekera kuno. Nkhaniyo yaduka pakati pa chiganizo chifukwa theka linalo anakulungira kasitomala wina, koma bamboyo amatembenuzabe pepala kufuna kuona ngati ikupitirira. Munthu wotere mungamunene kuti amadana ndi kuwerenga? Timawerenga mawu olembedwa kumbuyo kwa minibasi mpaka kutsala pang'ono kugundidwa ndi kabaza. Timawerenga zikwangwani za asing'anga zomatidwa pamitengo ya magetsi, ndipo ena a ife nambala zake tinaziloweza ngakhale pagulu timaziseka. Pamaliro timalimbirana pepala la ndondomeko ya mwambo, pabenchi la oshaina nsapato nyuzipepala imodzi imadutsa m'manja mwa anthu khumi mwini wake asanaione. Uthenga wautali wa pa WhatsApp wonena kuti mandimu amachiza matenda onse timauwerenga mpaka kumapeto, n'kuutumizanso kwa apongozi. Njala yowerenga ilipo, chimene chikutifika ndiye n'chimenechi.

Tsono laibulale ili kuti? Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1967, n'kuyamba ntchito mu 1968.  Likulu la bungweli lili ku City Centre, pakati pa maofesi, mabanki ndi nyumba za akazembe, dera limene anthu amapitako atavala jekete ndipo dzuwa likangolowa kumatsala alonda okha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, ndipo aliyense akudziwa kuti unyinji wa anthu amenewa sugona ku City Centre. Munthu wa ku Chinsapo wofuna kukawerenga ayenera kukwera minibasi yopita m'tauni, atsike, akwere ina, ndipo pobwerera achitenso chimodzimodzi. Ndalama ya maulendo anayi amenewa mayi wapanyumba amaiona ngati ndiwo ndi makala, ndipo sindikuona khoti limene lingamutsutse. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Buku la ku City Centre kwa mwana wa ku Mgona silili n'pachala pomwe.

Osandimva molakwa, anthu ogwira ntchito kumeneko sakugona. Bungweli lili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena, limalandira mabuku kuchokera ku bungwe la ku Britain la Book Aid International, ndipo linasindikiza timabuku ta ana totchedwa Werengani. Linagwirizananso ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno n'kuyendayenda m'midzi kujambula nthano kwa agogo zisanapite nawo kumanda, kenako n'kumasonkhanitsa ana kulikulu kuja kuti azimvera nthanozo. Ntchito yabwino zedi. Koma taganizani ulendo umene Kalulu wayenda. Wachoka kumudzi kumene ankamveka ulere pamoto, wakwera galimoto mpaka ku City Centre, ndipo lero mdzukulu wa agogo omwe aja, amene akukhala ku Area 23, akufunika thiransipoti kuti akamve mmene Kalulu anapusitsira Njovu. Ife makolo ake, amene tikanamusimbira tokha, tinaiwala nthanozo pakati, timangokumbukira poyambira ndi poti aliyense ayankhe kuti tili tonse.

Amene akukayika zoti kuyandikira kuli ndi mphamvu akumbukire William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira fizi ndipo anasiya sukulu ya sekondale. Chimene chinamuthandiza ndi kalaibulale kakang'ono pasukulu ya pulaimale ya kwawo komweko, koyenda wapansi. M'menemo anapeza buku lotchedwa Using Energy, Chingerezi chikumuvuta, n'kumangotsatira zithunzi, mpaka anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakutha, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, ali ndi zaka 14. Bukulo likanakhala kuti lili ku Kasungu boma, mnyamata wopanda ngakhale ya fizi akanalipeza bwanji? Mbiri yake inatuluka m'buku mu 2009, ndipo ambirife, mwa chikhalidwe chathu, tinadikira zaka khumi kuti ituluke filimu mu 2019 kuti tisavutike ndi masamba. Sindikunena kuti mwana aliyense wa ku Biwi adzamanga makina a mphepo. Koma ku Biwi n'kumene kuli anyamata otha kumasula injini yonse n'kuibwezeretsa popanda kutsala bawuti, ndipo sindikudziwa chimene angachite atapeza buku la zamagetsi a galimoto pa mtunda woyenda wapansi kuchokera pagalaja.

Ena anena kuti zonsezi n'zachikale, masiku ano laibulale ili m'foni. Mawu amenewa amakonda kuwanena anthu amene intaneti amalipiridwa ndi ofesi. Kwathu kuno bandulo timagula ya tsiku limodzi, ndipo ikagulidwa ili kale ndi ntchito zake: kuona zigoli, kuona amene watukwanizana ndi mnzake pa Facebook, ndi kufufuza ngati tikiti ya kubetcha yalowa, imene siilowa. Foniyo m'nyumba ndi imodzi, ili m'thumba mwa bambo, ndipo bambo ali ku bawo. Magetsi akathima, laibulale ya m'foni ija imatseka osatsanzika. Komanso chimene mwana wa m'komboni amasowa kwambiri si buku lokha. Amasowa tebulo, mpando ndi bata. M'nyumba ya zipinda ziwiri mmene muli anthu asanu ndi atatu, wailesi ikulira, kuseri kuli tchalitchi cha zokuzira mawu, kutsogolo kuli shabini, mwana wa folomu 4 awerengere pati? Foni ngakhale ikhale yodula chotani singamupatse pokhala.

Ena akuti tikapatsidwa mabuku tidzaba, kapena tidzang'amba masamba n'kukulungira mandasi. Apa ndiyankhe mosamala chifukwa akunena ife, ndipo m'nyumba zambiri muli buku lokhala ndi chidindo cha sukulu imene mwini nyumba anachokako kalekale. Koma kubweza zinthu timakudziwa bwino pamene pali wotilondola. Amayi a banki m'khonde amabwereketsana ndalama popanda loya kapena wapolisi, ndipo amene wachedwa kubweza amaona gulu lonse litakhala pakhonde pake m'mawa, ena akuyang'ana kale mbale ndi mipando. Mabuku a m'dera muwapatse amayi amenewa kuti aziyang'anira kaundula wake, muone ngati buku la Sikusinja ndi Gwenembe lingagone kunja sabata ziwiri. Ndipo buku likatha chifukwa chogwiridwa ndi manja ambiri, limenelo lagwira ntchito yake. Lomvetsa chisoni ndi limene lakhala pashelefu zaka 20 lili lonyezimira.

Chitsutso chimene chimandivuta pang'ono ndi chakuti ngakhale amene amafika kulaibulale sapitira kukonda mabuku. Ambiri ndi olemba mayeso a MSCE, ena obwereza kachiwiri, ndiponso ofuna ntchito amene amatsegula nyuzipepala kuyambira kumbuyo, kumene kuli malonda a ntchito ndi zampira. Mayeso akatha mipando imapuma. Zimenezi n'zoona, koma sindikuona cholakwa. Munthu amalowa m'sitolo kudzagula mchere n'kutuluka ndi zina. Mtsikana amene watopa ndi masamu akhoza kutambasula dzanja n'kupeza Nthondo wa Samuel Ntara kapena Njala Bwana wa Willie Zingani, n'kuzindikira kuti Chichewa chimene amalankhula kunyumba chimathanso kudzaza buku lonse. Chofunika n'chakuti mabuku oterewa akhalepo, osati mashelefu odzaza ndi mabuku ophunzitsa kusamala maluwa m'nyengo ya chipale, amene anatumizidwa ndi mtima wabwino kwa anthu amene chipale amangochionera mufiriji ya pagolosale.

Za ndalama ndiye musayambe n'komwe. Mu 1994 dziko lino linatsegula sukulu za pulaimale kuti zikhale zaulere, ana n'kukhamukirako mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Tinawononga chuma chambiri kuphunzitsa mtundu wonse kulumikiza zilembo, ndipo utadziwa tinausiya ndi zikwangwani za asing'anga. Palibe akupempha nyumba yosanja. Chipinda chimodzi chokwanira mabenchi angapo ku Msungwi, china pafupi ndi msika wa Chinsapo, china ku Kawale, chokhala ndi nyuzipepala ya lero, mapepala a mayeso akale, mabuku a ntchito zamanja, timabuku ta ana ndi babu loyaka ndi sola, sichingagwetse thumba la chitukuko cha m'dera limene aphungu amalitchula pamsonkhano uliwonse. Zipinda zoonetsera mpira wa ku England zinafika m'komboni iliyonse popanda thandizo la mayiko akunja, ndipo eni ake sanachititse msonkhano wofufuza chifukwa chimene Amalawi sakonda mpira. Anangoika kanema pamene pali anthu.

Choncho inu makhansala ndi aphungu a madera athu, nanunso akuluakulu a laibulale, tipezereni zipindazo kuno kumene tikukhala. Ndipo mukatsegula musamatseke 4 koloko ngati ofesi ya boma, chifukwa nthawi imeneyo ana angoweruka kumene ndipo ife tikadali ku geni. Muzitsegula madzulo ndi Loweruka lonse.