Ulemu kwa a Chigamba, eni msewu wa M1

Dziko lino tili ndi chizolowezi choipa chodikira munthu amwalire kaye, kenako n'kumakamutamanda kumanda. A Chigamba ndakana kuwachita zimenezo. Ndiwayamikira lero lomwe, adakamatirirabe m'mimba mwa tayala, chifukwa tsiku limene iwo adzatsanzike, ambiri a ife amene tikadawanenera zabwino tidzakhala tatsagana nawo.

Inu a Chigamba, mwana wa chubu chakutha, wodzozedwa ndi solushoni m'mbali mwa msewu, landirani moni. Kachewere wa ku Dedza amafika bwanji pa msika wa Wakawaka ku Lilongwe, ngati si pamsana panu? Kabichi ndi tomato wa pa Chimbiya, mayi wodwala wopita ku chipatala pa kabaza, mwana wasukulu ndi chikwama chake, onsewa ndi akatundu anu. Pa Linthipe, malo amene adawagawa m'manambala, 1, 2 ndi 3, munthu akaima n'kumawerenga magalimoto odutsa amaganiza kuti akuona ma Toyota ndi ma Nissan. Wanama. Akuona inuyo mukuyenda ulendo wanu, zitsulozo zangokwera nawo.

Boma silinakupatseni mendulo, nkhope yanu siili pa ndalama iliyonse, koma pa nkhani ya chuma mwagwira ntchito yoposa ya nduna zingapo. Mitengo ya labala tili nayo ku Vizara, ku Nkhata Bay, komabe matayala a galimoto timagula kunja ndi madola amene tilibe. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala latsopano linasanduka chinthu chongoonera pawindo la sitolo. La kaunjika nalo linakweza mapewa. Amene sanatitaye ndinu nokha.

Ndipo musamadzichepetse, mtundu wanu ndi wakale. John Boyd Dunlop atapanga tayala lopopa ku Belfast mu 1888, msomali unali ukudikira kale panjira. Patangopita chaka, wapanjinga wina anafika pa fakitale ya abale awiri a Michelin ku Clermont-Ferrand, tayala litaphwa. Kulimata kunatenga maola, kuti liume linagonera usiku wonse. Abalewo zinawanyansa, ndipo mu 1891 anatulutsa tayala lochotseka mosavuta. Kampani yonse ija, ndi chidole chake chonenepa chija, inakula chifukwa cha agogo anu.

Nanga lero akukuthokozani bwanji? Pitani ku mabwalo a mpikisano wa magalimoto, ku Kyalami kufupi ndi Johannesburg kapena ku Silverstone, mukaone mmene amakusalirani. Mu Formula 1 tayala likaponcha salimata. Anyamata pafupifupi 20 amalumphira galimoto, masekondi awiri kapena atatu matayala onse anayi asinthidwa, lovulalalo ulendo wake wathera pomwepo. Ngakhale munthu wamba wopita ndi galimoto yake kukathamanga pa bwalo tsiku Loweruka amalangizidwa kuti tayala lomata alisiye kunyumba. Pambali pa tayala pamakhala chilembo chonena liwiro limene lingapirire: T ndi makilomita 190 pa ola, H ndi 210, V ndi 240. Makampani ena amati inu mukangolowamo, lonjezo la chilembocho latha. Tsankho lenileni!

Mantha a anthu amenewa adaonekera poyera ku Indianapolis mu Juni 2005. Tayala la galimoto ya Ralf Schumacher litaphulika poyeserera, a Michelin ananena kuti sangatsimikize kuti matayala awo apirira pa kona ina yothamanga kwambiri. Magalimoto 14 anabwerera m'magalaja mpikisano usanayambe, anathamanga 6 okha, anthu atalipira kale pakhomo. Matayala atsopano, opanda bala ndi limodzi lomwe, kuthawa ntchito! Kodi munamvapo minibasi yochoka ku Lilongwe itakana ulendo wa ku Dedza chifukwa dalaivala sakutsimikiza za kona?

Chifukwatu mpikisano nafenso tili nawo, kungoti sitiulengeza pa wailesi. Bwalo lathu ndi M1, chikho chake ndi gogo waima ndi thumba la nyemba pa siteji yotsatira. Minibasi ziwiri zikamuona, liwiro la mumchenga n'kuyambira pamodzi. Kwa azungu, wothamanga amakhala yekha m'galimoto, atavala chisoti ndi zovala zosagwira moto, ambulansi ili tcheru. Kwathu timathamanga anayianayi pa mpando, matumba kumbuyo, nkhuku kumapazi, ndipo owonerera ndi okwera omwewo. Mayi wina akati, "Adalaivala, mwanyamula anthu, si chimanga ichi," kondakitala amayankha mwaulemu wake uja: "Mayi, ngati mukuopa mugule yanu." Pansi pa zonsezi, pa mtsetse wolowera ku mlatho, inu a Chigamba muli phee, kugwira ntchito.

Akatswiri ali ndi miseche yambiri yokhudza inu, ndipo ndiibwereza pano kuti muidziwe. Akuti muli ndi malo anu: pakati pa tayala, pamene pamaponda pansi, osati paphewa kapena m'mbali. Akuti bowo likaposa mamilimita 6, si lanunso. Akuti tayala lizichotsedwa pa limu, m'kati muonedwe bwino, chifukwa tayala limene layenda lili lophwa limanyenyeka m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Akuti chigamba chenicheni chimamatidwa cham'kati ndipo chimakhala ndi kamchira kotseka bowo, kuti madzi asalowe n'kuchititsa dzimbiri mawaya. Za kachingwe konanda kaja kamene amabaya kunja tayala lili pagalimoto pomwepo, akuti n'kongokufikitsa kwa omata matayala, osati kokalamba nako.

Chowawa n'chakuti misecheyi ndi yoona. Tayala la minibasi limazungulira koposa ka 450 pa kilomita imodzi, ndiye kuti pafupifupi ka 40,000 kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza. Likazungulira kamodzi, m'mbali mwake mumapindika n'kuwongoka. Kupindikako kumabala kutentha, ndipo mpweya ukachepa, katundu akachuluka, liwiro likakwera, phula la Okutobala likawira, kutenthako kumafewetsa zomatira zonse. Mukamatidwa pakati, bwinobwino, mumatha kukhala mpaka tayalalo litatha lokha, wina aliyense osadziwa kuti mulipo. Umenewo ndiye ulemerero wanu weniweni, koma ndi ulemerero wosasangalatsa, wopanda nkhani.

N'chifukwa chake ife sitikulolani kukhala moyo wophwekawo. Timakukwezani pa udindo. Tayala likang'ambika m'mbali pa dzenje la mumsewu, timadula chidutswa cha tayala lina lakufa, n'kuchilowetsa m'kati, n'kuikamo chubu. Likatupa chithupsa, timalitembenuza kuti chithupsacho chiyang'ane m'kati, apolisi asachione. Wina amakuikani kutsogolo, kumene kuli chiwongolero. Mmisiri akachenjeza kuti, "Bwana, ili likhale la sipeya basi," mwini galimoto amati, "Achimwene, ingomatani, ndigula lina kumapeto kwa mwezi." Mwezi umenewo pa kalendala sunalembedwe. Ndani wina m'dziko muno amene amapatsidwa ntchito yoposa mphamvu zake chonchi, popanda malipiro, osanyanyala?

Kudzichepetsa kwanu kumaonekera bwino pa tsiku latsoka. Lipoti limangoti tayala lakutsogolo linaphulika, dalaivala analephera kuwongolera. Satchula kuti tayalalo linabadwa liti, chikhalirecho tsiku lake lili pambali pomwepo, manambala anayi: 2314 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2014. Satchula amene analigula litatha kale ntchito ku dziko lina, amene anadinda chiphaso cha COF, amene analandira ya fanta pa lodibuloko n'kuyang'ana kumbali, kapena bwana amene amafuna ndalama yake yokwana madzulo alionse, zivute zitani. Pamaliro anthu amati tsoka silinunkha, pamene ili linkanunkha labala wopserera kuchokera pa Nathenje. Mlandu wonse mumausenza nokha, inu amene simunapemphe kuikidwa pamenepo.

Choncho inu owerenga, mfumu imalemekezedwa poipatsa malo ake. Ngati muli ndi galimoto, a Chigamba muwakhazike pakati pa tayala, cham'kati, ndipo musawatume mpikisano. Ngati ndinu okwera, mukaima pa Linthipe musathamangire mpando wapawindo. Yambani mwapereka moni kwa tayala lakutsogolo. Mukaona chotupa m'mbali kapena mawaya akusuzumira, vulani chipewa, mudikire minibasi ina.