Ndikufunsira ntchito ya umbewa

Mnyamata wogulitsa mankhwala pano pa Banket wakweza mtengo wa mapiritsi a msana, ndipo m'malo mwa chenji wandipatsa maswiti awiri. Nditamufunsa ngati maswitiwo amachiza msana, wangoti, "Madala, kudandaula n'kwaulere." Poti n'kwaulere, ndidandaula mpaka tsamba lino lidzaze.

Msana wanguwu ndi wa chuma chamasiye. Agogo anabwera nawo kuchokera ku Dedza nthawi ya Mthandizi, n'kuupinda m'minda ya fodya kuyambira kuno mpaka ku Trelawney. Bambo anaulandira n'kuupindanso, ine ndinaumalizitsa ndi mabelo. Mu 2000 mafamu anagawidwa, koma msana palibe anaufuna, unatsalira ife a m'komboni.

Mdzukulu wanga amene akuphunzira ku Chinhoyi ndiye wandiwonjezera ukali. Akuti, "Agogo, limbani mtima, mankhwala atsopano ali m'njira, panopa akuwayesa pa mbewa." Mbewa! Yomwe ija timaikumba tikakolola, n'kuiwamba ndi mchere, ndiyo yatsogola pamzere wa mankhwala.

Ndipo si nthabwala. Mu 2012 akatswiri a ku France anapeza mu ululu wa njoka ija anzathu a Chishona amati rovambira tinthu topha kuwawa mwamphamvu ngati morphine, koma tosabanikitsa kupuma. Njokayo ndi yathu, imagona kuseri kwa mabani a fodya. Wopindula ndani? Mbewa ya ku France. Mpaka lero mankhwalawo sanafike pashelefu iliyonse.

Ku Canada ndiye anachita kunyanya. Mu 2010 a Jeffrey Mogil ndi anzawo pa yunivesite ya McGill anakonza muyeso wowerengera ululu pankhope ya mbewa: mmene yatsinzinira, mmene yapindira makutu, kumene zaloza ndevu. Munthu wa madigiri ake kukhala pansi kuyang'anitsitsa ndevu za mbewa. Inetu ndevu ndili nazo, kutsinzina ndimatsinzina m'mawa uliwonse pomanga nsapato, koma wondiyeza nkhope sanabadwe.

Choncho ndalemba kalata yofunsira ntchito ya umbewa. Zondiyenereza zilipo. Chimanga ndimadya, usiku sindigona, ndipo nyumba yanga ili ndi mabowo okwanira. Komanso ndili ndi luso limene mbewa ilibe. Iyo kuti adziwe ngati ikumva kuwawa, amaibaya phazi ndi kaulusi kolimba kapena kuiimika pachitsulo chofunda, n'kumawerenga kuti inyamula mwendo liti. Ine sadzavutika nane. Ndidzawauza ndekha pamene pakuwawa, m'Chichewa, m'Chishona, ngakhale m'Chilapalapa ngati bwana wake ndi wakale. Mdzukulu akuti apo ndi pamene pagona vuto, mankhwala ambiri amachiza mbewa bwinobwino, akafika pa munthu n'kugwa mphwayi. Ndinayesanso njira yachidule, kudya mbewa zambiri kuti mwina mankhwalawo andipeze kudzera m'ndiwo. Zakunozi n'zosaphunzira, zilibe kanthu m'thupi.

Mankhwala amodzi anawoloka kufika pa munthu. Mu Januwale 2025 dziko la America linavomereza suzetrigine wa kampani ya Vertex, amene amatseka kanjira ka uthenga wa ululu m'mitsempha usanafike ku ubongo. Panthawiyo piritsi limodzi linali $15.50, ndipo analoledwa pa ululu wa kanthawi, monga wa pambuyo pa opaleshoni. Atawayesa pa anthu a msana wotsikira m'mwendo ngati wangawu, amene anapatsidwa piritsi lopanda mankhwala anapezako bwino pafupifupi mofanana. Ndiye kuti mnyamata wa maswiti uja mwina ndi wasayansi.

Koma imani kaye. Morphine wakhalapo zaka zoposa 200, ndipo wakumwa mtengo wake ndi wochepa. Safunikanso mbewa. Komabe mu 2017 akatswiri a bungwe la magazini ya Lancet anapeza kuti theka losauka la anthu a padziko lapansi limalandira mankhwala a mtunduwu osakwana 1 peresenti. Island Hospice inayamba ku Harare mu 1979, yoyamba mu Africa muno, ndipo ku Uganda anamwino ophunzitsidwa analoledwa kulembera odwala morphine kuyambira 2004. Nzeru zake zilipo kale. Aliyense amene anagonapo m'komboni anamvapo mayi wa khansa akubuula usiku wonse kuseri kwa khoma, ana atatseka makutu. Mayi ameneyo sakudikira mankhwala a njoka ochokera ku France. Akudikira munthu wa mu ofesi asayine pepala, botolo likwere galimoto, liyende makilomita osakwana 100 kuchokera ku Harare.

Kalata ija ndinawawerengera mayi a kunyumba. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa mdzukulu kuti mbewazo zikamaliza ntchito zimapita kuti, kapena zimalandira penshoni. Mwana anayankha kuti zambiri amazipha, n'kuzing'amba kuti aone zimene zachitika mumsana.

Ndinayamba kuipinda kalatayo kuti ndiyatsire moto. Mayi anandigwira dzanja.

"Tumizani, abambo. Nafenso tidziwe chimene chili mumsanamo, chimene chimadzuka tsiku lopalira lokhalokha."