Maliro a timabatani

Kuseri kwa msika kuli kashopu kotaipa makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati ndi mapangano ogulitsana malo. Eni ake ndi mayi amene anayambira pa mataipi akale aja, ogogoda ngati akukonola chimanga. Kompyuta yawo amaidziwa ngati khitchini. Pamwamba pa Word anasanjapo timabatani tawotawo: kosindikizira, kosungira, kowerengera mawu, kojambulira tebulo, kalikonse pamalo pake monga mthiko, chipande ndi sefa. Ankadina osayang'ana, uku akufunsa za odwala a kwanu.

Lolemba lina tinawapeza atagwira tsaya.

"Kwagwanji amayi?"

"Mwana wa mchemwali wanga. Anabwera Loweruka, akuti kompyuta ikuchedwa, aifomate. Lero ndatsegula, ndangokhala ngati ndalowa m'nyumba ya eni. Timabatani tanga tonse tapita."

Tinapepesa monga mwa mwambo, ena mpaka kuvula zipewa. Koma mtauni muno kompyuta ikadwala, aliyense wa pamzere amasanduka dokotala. Bambo wina wa jekete, amene anabwera kudzataipitsa kalata chifukwa sadziwa pamene pali chilembo A, ndiye anayamba.

"Imeneyo ndi vairasi, amayi. Mumalandira mafulashi a ana asukulu inu."

"Zimitsani muyatsenso," anatero mayi wa pulogalamu ya ukwati. "Foni yanga imachira choncho."

Wogulitsa mandasi pakhomo anasuzumira, natsitsa mawu. "Ine sindinena zambiri. Koma shopu yatsegulidwa apayi, mwezi sunathe, zinthu zayamba kusowa zokha?"

Onse anagwedeza mitu. Mwana wa mchemwali uja anaiwalika pomwepo, mlandu unagwera oyandikana nawo.

Kenaka anaitanitsa mnyamata wokonza mafoni. Analowa mosafulumira, chikwama kumsana, nayamba wafunsa ngati pali Fanta wozizira. Ameneyu ndi uja amati riboni ya Word ikangobisala, amadina Ctrl ndi F1 ataphimba ndi dzanja, ikabwerera n'kulipiritsa ngati wachita opaleshoni. Tsiku limenelo matsengawo sanagwire, ndiye anakakamizika kunena zoona.

"Amayi, kale pa Word 2003 timabatani totere tinkakhala m'fayilo yotchedwa Normal.dot. Munthu ankangoikopera pambali, zikavuta n'kuibwezera. Mu 2007 a Microsoft anachotsa mizere ya timabatani ija n'kuikapo riboni."

"Riboni ndimaidziwa ine, mwanawe. Ndinkagula ya inki iwe usanabadwe."

"Si imeneyo amayi. Iyi ndi chilamba chili pamwambachi. Kamzere kanu kaja ndi Quick Access Toolbar. Kuyambira Word 2010 mumapita pa File, kenaka Options, kenaka Customize Ribbon. Pansi pali Import/Export. Mukasankha kutulutsa zonse, imakupatsani kafayilo kothera ndi exportedUI. Kameneko ndiye mbewu. Kompyuta ikafomatidwa, mumakalowetsa pakhomo lomwelo, timabatani tonse n'kubwerera m'malo mwake. Muli nako?"

"Kafayilo kanji?"

"Basi amayi, malirowa ndi enieni."

Bambo wa jekete anatsokomola. "Ndimati ndinene zomwezo."

Panalibe kuchitira mwina koma kumanga nyumba kuyambira pamaziko. Amayi anayamba kutola timabatani kamodzikamodzi ngati mtedza wotayika pamchenga, ndipo mzere wonse unawathandiza ndi pakamwa. Wina akuti kosindikizira kanali kumanzere, wina akulumbira kuti kanali kumanja, pomwe onsewo sanayambe aimapo kuseri kwa tebulolo. Mayi wa ukwati anaonjeza kuti poti zinthu zikukonzedwa kale, dzina la mkwati lilembedwe ndi zilembo zopotana. Palibe anachoka. Mtauni timadandaula kuti nthawi ilibe, koma tsoka la mnzathu timalionerera mpaka kumapeto.

Dzuwa litafika pamutu, timabatani tinabwerera. Mnyamata uja anatulutsa kafayilo kaja, ntchito yosakwana mphindi imodzi, nakaika pa fulashi. Amayi anaimanga pansonga ya chitenje, pamodzi ndi ndalama ya minibasi, n'kumanga mfundo ziwiri.

Lachinayi ndinadutsanso kudzatenga kalata yanga. Ndinafunsa za fulashi ija.

"Wabwereka mwana wa mchemwali wanga uja. Akuti aikemo nyimbo, koma ayambe waifomata kuti ikhale ndi malo."

"Ndiye munamupatsa?"

"Nanga n'kumumana? Ndi mwana wanga yemwe."

Inu amene munasanja timabatani tanu mpaka dzanja kuzolowera, tulutsani kafayiloko lero, kompyuta idakali moyo. Kasungeni pawiri: pa fulashi, ndipo kena mudzitumizire pa imelo. Achibale okonda kuthandiza ndi osakanizika, koma imelo yanu sangaibwereke kukaikamo nyimbo.