Galimoto yoyetsemula

Msuweni wanga anaitanitsa Subaru Impreza WRX kuchokera ku Japan, koma liwiro lokha silinamukwanire. Anafunanso phokoso. Ndiye anachotsa valavu ya turbo imene inabwera ndi galimotoyo n'kuikapo ina yoyetsemula "tshii!" akamasintha giya, kuti atsikana a pa Ginnery Corner azicheuka.

Amacheukadi. Kungoti akangofika pa maloboti n'kuchotsa phazi pamoto, injini imangoti zii, minibasi kumbuyo zili pipiii, kondakitala akumulangiza kuti akagule njinga.

Anasintha mapulagi, anatsuka throttle body, mpaka anayamba kuganizira anthu akumudzi. Makaniko wina wachikulire ndiye anamumasula. Sensa ya MAF imayeza mpweya wonse wolowa, ndipo kompyuta imathira petulo wolingana nawo. Valavu yakale ija inkabweza mpweyawo m'paipi. Yatsopanoyi imautayira kunja utawerengedwa kale. Petulo amachuluka, mpweya n'kuperewera, injini n'kutsamwa ngati mwana womeza mbamu yaikulu.

Mankhwala ake? Kubwezerapo valavu yakale, imene msuweni anagulitsa kalekale. Pano akuisakasaka ku Ndirande, pa kabaza.